Mmene ndimajambulira botolo la uchi pa kompyuta mpaka lioneke ngati lenileni

Anthu ambiri akaona chithunzi cha botolo kapena sopo pa bana kaya pa kalenda amangoti winawake anatenga kamera nkujambula basi. Nthawi zina nzoona, koma zina mwa zithunzi zimene zija zimapangidwa pa kompyuta kuyambira mzere woyamba, kamera osagwirapo ntchito olo pang'ono. Ine ntchito yanga ndi imeneyo, ndimagwirira kunyumba ku Matawale kuno ku Zomba, nde anyamata angapo a ku Chanco akhala akundifunsa kuti chinsinsi chake nchiyani, pulogalamu yake ndi iti. Pulogalamu tikambapo, koma nkhani yaikulu ili pa kuwala ndi maso ako. Ndifotokoza pogwiritsa ntchito imodzi imene ndinagwira, botolo la uchi la mayi ena a ku Chinamwali, chifukwa botolo la uchi lasonkhanitsa zovuta zonse pamodzi, pali galasi, pali uchi umene kuwala kumadutsamo, pali chivindikiro cha pulasitiki, komanso pepala lokulungidwa pa chinthu chobulungira.

Mayiwo tsiku loyamba anandifunsa funso labwino. "Achimwene, foni ya mwana wanga imajambula bwino ndithu, nanga kuvutikiranji?" Ndinawauza kuti mayi, lebulo yanu yatsopanoyi sinapulintidwe, ndiye tijambula chiyani? Iwo amafuna chithunzi cha bana ndi cha pa Facebook asanaike oda ya malebulo. Chachiwiri galasi silibisa kanthu, ukalijambula ndi foni mnyumba limaonetsa malata, chitseko, ndi iwe wemwe utanyamula foniyo. Chachitatu chithunzi chopangidwa pa kompyuta chimasinthika, chivindikiro chikasintha mtundu sitiyambiranso. Koma ngati katundu alipo kale wamaliza zonse ndipo pali munthu wa kamera yabwino wodziwa kuyika magetsi, ine ndimamuuza kasitomala mosabisa kuti pitani kumeneko, zikutchipirani.

Ntchitoyi sindiyambira pa kompyuta ayi. Ndimapempha chinthu chenichenicho chibwere mmanja mwanga, osati chithunzi chake cha pa WhatsApp. Botolo lija nditalilandira ndinatenga rula nkuyeza kutalika, kunenepa, msinkhu wa chivindikiro, pamene lebulo idzayambire ndi pothera. Kenako ndinayala pepala loyera patebulo pafupi ndi windo, nkutseka chitseko ndi katani ya windo linalo kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi yokha. Nyengo nayo imalowerera. Mu June kapena July chiperoni chikaphimba phiri, thambo lonse limakhala ngati nyali imodzi yaikulu, mithunzi imakhala yofewa yopanda malire oonekera. Mu October dzuwa likalowa pawindo mthunzi umakhala wakuthwa ngati wodula ndi lumo. Lamulo lake nlakuti gwero la kuwala likakhala lalikulu ndi lapafupi mthunzi umafewa, likakhala laling'ono kapena lakutali umathwa. Pa katundu wogulitsa ndimakonda kofewako.

Ndiye umakhala pansi nkuyang'ana, olo theka la ola, osagwira mausi. Apa mpamene ambiri amathamangira ndipo mpamene chithunzi chimafera. Mutu wako uli kale ndi botolo lake limene umaliganizira, lachikasu ponseponse, lowala mbali ya windo, lakuda mbali inayo. Botolo lenileni silitero. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti uchi ukuwala kwambiri mbali imene ili kutali ndi windo, cha mmunsi, chifukwa kuwala kumalowa mbali iyi nkupindika mkati nkukasonkhana mbali inayo, botolo lodzaza limagwira ntchito ngati galasi lokuzira zinthu. Mmbali mwenimweni mwa galasi munali timizere takuda. Pansi pa botolo panali galasi lochindikala lopanda uchi, loyera mbee koma lokhala ndi timadontho ta olenji. Pamwamba pomwe uchi wathera, unakwera pang'ono mmbali mwa galasi, sunali mzere wowongoka. Ndipo mthunzi wa papepala paja sunali wakuda wonse, pakati pake panali kuwala kwa mtundu wa uchi komwe kwadutsa mbotolomo. Kamthunzi kowala kameneko kokha kamauza diso kuti chinthuchi kuwala kumadutsamo. Ukakasiya, botolo limaoneka ngati ladzaza penti.

Usanatsegule fayilo yatsopano funsa kasitomala kuti chithunzichi chikagwira ntchito pati, chifukwa yankho lake ndi limene limakuuza kukula kwake. Zithunzi za pa kompyuta zilipo za mitundu iwiri. Raster ndi chithunzi chopangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa ma pixel, ukachikuza mopitirira timabokosito timayamba kuoneka, chimachita mbuu. Vector ndi mizere yowerengedwa ndi masamu, ungaikuze kuchoka pa sitika mpaka khoma lonse osawonongeka. Lebulo, logo ndi zilembo ndimapanga mu vector, pomwe uchi, galasi ndi mithunzi ndimapenta mu raster chifukwa kusintha kwa mitundu kofewa kuja kumatheka bwino mmenemo. Chopulinta choti munthu achigwire mmanja chimafuna ma pixel 300 pa inchi iliyonse, inchi kukhala masentimita 2.54. Nde pepala la A4, lomwe ndi mamilimita 210 kwa 297, limatuluka ma pixel 2480 kwa 3508. Bana yoonera patali siyifuna zonsezo, 100 kapena 150 imakwana, ukakakamira 300 pa bana ya mamita awiri laputopu imangouma. Ine ndimayamba ndi chachikulu, kuchepetsa nkosavuta, koma chaching'ono sungachikuze nkukhala bwino.

Za pulogalamu ndinene mwachidule. Photoshop ndi Illustrator nzabwino koma zimalipiridwa mwezi ndi mwezi mu ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ambiri aife tinaziona kulemera kwake. Krita, GIMP ndi Inkscape nzaulere, Blender ya 3D nayonso yaulere. Botolo ili ndinapenta mu Krita, lebulo mu Inkscape. Blender ndimaitsegula kasitomala akafuna chinthu chomwecho chionekere mbali zambiri, koma imafuna makina amphamvu ndi kudekha. Tabuleti yojambulira ya cholembera imathandiza, komabe zinthu zowongoka ngati botolo zimatheka ndi mausi.

Tsono mawonekedwe. Tengani kapu muinyamule mulingo wa maso anu, kukamwa kwake kuoneka ngati mzere chabe. Itsitseni pang'ono, kukamwa kuja kuyamba kutseguka ngati dzira logona, mukatsitsabe kukubulungira kwambiri. Dzira logonalo dzina lake ellipse, ndipo pa botolo pali ma ellipse ambiri, pamwamba pa chivindikiro, pansi pake, paphewa, pamene uchi wathera, mmwamba ndi mmunsi mwa lebulo, ndi pansi penipeni. Ukamaliona botolo chochokera mmwamba pang'ono, ellipse iliyonse yotsika imakhala yotseguka kuposa yapamwamba pake. Olakwitsa ambiri amapanga pamwamba pobulungira bwinobwino koma pansi mzere wowongoka, kapena amasongola nsonga za ellipse ngati tsamba la mango, chonsecho ellipse ilibe nsonga, imakhota mofewa. Munthu wosadziwa kujambula sanganene chalakwika nchiyani koma amangoti botololi likuoneka lopindika. Ndimayamba ndi mzere woima pakati, kujambula theka, nkulitembenuzira mbali inayo kuti zifanane, nkuyika ma ellipse onse pakati pawo pakhale pamzere womwewo. Lebulo nayo iyenera kukhota motsatira ma ellipse amenewa, ndipo zilembo zoyandikira mmbali zimapanikizana chifukwa pepalalo likukhotera kumbuyo. Ukangomata lebulo yafulati pamwamba, ntchito yonse yagwa.

Mitundu ndimaisiya kaye. Ndimapenta botolo lonse ndi zoyera, zotuwa ndi zakuda zokha ngati chithunzi chakale, chifukwa chimene chimapangitsa diso kukhulupirira kuti chinthu chili ndi thupi ndi kusiyana kwa kuwala ndi mdima, mtundu umabwera pambuyo. Njira yoonera nkutsinzina pang'ono maso uku ukuyang'ana chinthucho, tizinthu ting'onoting'ono timasowa nkutsala zigawo zikuluzikulu. Pa chivindikiro chija zimaoneka bwino. Pali pamene kuwala kwamenya kwambiri, pali mtundu wake wapakati, kenako mdima umayamba nkufika pakuda kwambiri, koma pakudapo sipakhala kumapeto kwenikweni ayi, kumapeto kumawalanso pang'ono chifukwa pepala loyera lija likubwezera kuwala. Kuwala kobwererako nkofunika koma usamale, kusapose mbali yowala, ambiri amakuwalitsa mopyola nde chinthu chimaphwatalala. Ndipo pansi pomwe botolo lakhudza tebulo pamakhala kamzere kakuda bii, kopyapyala, pamene kuwala sikungalowe. Kamzere kameneko ndi kamene kamakhazika botolo pansi. Popanda iko limayandama mmalere olo upente bwino chotani.

Chinthu china chimene ndimaona kawirikawiri pa mabana mtauni muno nkuphatikiza zithunzi zotola pa intaneti, botolo lowala kuchokera kumanzere, chisa cha njuchi chowala kuchokera kumanja, mthunzi ukulowera kwina. Sankha mbali imodzi ya kuwala, ujambule kamuvi kokukumbutsa pa layer yapadera (ma layer ali ngati mapepala oonekera osanjikizana mu pulogalamu), chilichonse chimene uwonjezere chimvere kamuviko.

Kodi diso limadziwa bwanji kuti ili ndi galasi, iyi pulasitiki, ili pepala, pomwe zonse ndi ma pixel? Limayang'ana malire a kunyezimira. Pagalasi kunyezimira kumakhala ndi malire akuthwa ndipo kwenikweni ndi chithunzi cha windo lija chitapindika motsatira botolo, mzere wautali woyera wotsika mmbali, nthawi zina mpaka mafelemu a windo kuonekera. Pa pulasitiki ya chivindikiro kunyezimira kumakhalapo koma kofalikira, malire ake osungunuka. Papepala la lebulo pafupifupi palibe, kumangokhala kuwala kochepa pang'onopang'ono kulowera kumdima. Ukaika kunyezimira kwakuthwa pa lebulo yapepala, yasanduka pulasitiki.

Palinso china chimene ndinachimvetsa bwino tsiku lina ndili ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Ukayang'ana madzi pafupi ndi mapazi ako umaona pansi, timiyala ndi matope. Ukakweza maso nkuyang'ana madzi omwewo chapatali suonanso pansi, umaona mitengo ndi mitambo. Madzi ndi galasi zimabweza kuwala kwambiri ukaziyang'ana chammbali kusiyana ndi kuziyang'ana molunjika. Anthu a sayansi amazitchula ndi dzina la Augustin Fresnel wa ku France amene analemba masamu ake zaka za mma 1820. Pa botolo zikutanthauza kuti pakati umaona uchi bwinobwino, koma kumbali komwe galasi likukhotera kumbuyo limaonetsa kwambiri zimene zalizungulira, nchifukwa chake mchipinda chamdima mmbalimo mumada, pamalo oyera mumayera. Onjezerapo kupindika kwa kuwala, kuja kumapangitsa supuni mu tambula ya madzi kuoneka yothyoka, ndipo uona kuti mbali ya tebulo imene ikudutsa kumbuyo kwa botolo siyilumikizana mowongoka ikamaonekera mu uchimo, imakhota kapena kutembenuka kumene. Ine ndimajambula zimene ndikuona pa botolo lenilenilo olo zioneke zachilendo.

Pa ma layer, chilichonse chikhale pachokha ndipo chipatsidwe dzina, uchi, galasi lakumbuyo, lebulo, mthunzi wa lebulo, kunyezimira, chivindikiro, mthunzi wapansi. Mithunzi ndimaika pa Multiply, yomwe imadetsa zapansi pake osazifafaniza, kunyezimira pa Screen yomwe imawalitsa. Mmalo mofufuta ndimagwiritsa mask, imabisa chabe nde ukasintha maganizo umabweza. Mthunzi usaupente ndi wakuda weniweni, pa uchi mdima wake ndi bulawuni wofiirira, pa pepala loyera ndi wotuwa wopendekera ku buluu pang'ono. Ndipo Ctrl+S yosungira ntchito izikhala pachala, magetsi akathima batire ili yotopa ungataye maola atatu, zinandichitikirapo ndipo zimapweteka. Madzulo aliwonse ndimakopera pa fulashi.

Chomaliza popenta nkuchotsa kusalala kopitirira. Kompyuta imapanga zinthu zosalala kuposa chilichonse chimene chili padziko, nde diso limakayika. Chithunzi wamba chimakhala ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu ya sikirini, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, ndiye mtundu ukamasintha pang'onopang'ono pamalo aakulu nthawi zina mumaoneka timizeremizere ngati makwerero. Kuthira noise, timadontho ngati mchenga, pang'ono kwambiri kumathetsa zimenezo komanso kumapatsa chithunzi khungu ngati la kamera. Ndinaikamo timathovu ta mpweya tisanu kapena tisanu nkamodzi cha kumwamba kwa uchi monga tinalili mbotolo lenileni, nkufewetsa malire akumbuyo kuti asathwe mofanana ndi akutsogolo. Koma zala zamafuta ndi fumbi sindinaike, ichi nchakudya, mayiwo akugulitsa.

Nditamaliza ndinawaitana. Anakhala pampando, nkuyang'ana sikirini nthawi yaitali ndithu, kenako anati, "Mwajambula bwino achimwene, botolo ndi lomweli. Koma uwu si uchi wanga. Wangawu ngwakuda." Ananena zoona. Popenta ndinali nditakokera mtundu ku chikasu chowala chifukwa chimakongola pa sikirini. Mtundu wa uchi umatengera maluwa amene njuchi zatolako, wina umakhala woyererako wina wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo wawo unali wakudawo. Anandifotokozera kuti anthu amakayikira kale uchi kuti mwina athiramo shuga, nde munthu akaona pa bana wachikasu nkupatsidwa wakuda aziti pali chinyengo, kapena amene amaudziwa uchi wawo akaona wachikasuwo aziti asintha. Mawu amenewo anandikhudza. Chithunzi chooneka ngati chenicheni anthu amachitenga ngati lonjezo, ndipo amene akayankhe mafunso pamsika ndi mayiwo, osati ine. Ndinaika botolo pambali pa laputopu, ndinatsitsa mtundu iwo akuona mpaka anati basi pamenepo, ndipo chosangalatsa nchakuti uchi wakudawo unapangitsa kuwala kwa mmunsi kuja kuoneka ngati moto, chithunzi chinakongola kuposa poyamba.

Pa chifukwa chomwecho sindikuza botolo kuti lioneke lalikulu kuposa mmene lilili poliyika pambali pa supuni kapena kapu, ndipo chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards sindichijambula pa lebulo ya munthu amene sanandionetse kuti anapatsidwa. Ena amapempha kuti ingoikanipo chioneke bwino, ndimakana. Amandifunsanso za AI, kuti si ingapange zonsezi mu mphindi imodzi? Imatulutsa botolo lokongola inde, ndipo poyesa maganizo a kumbuyo kwa chithunzi imathandiza, koma kuti itulutse botolo la mayi awa ndi miyezo yake, chivindikiro chake ndi mtundu wa uchi wawo, umabwererabe kukonza ndi manja, ndipo kuti ukonze uyenera kudziwa zonse ndanena pamwambazi.

Tsopano kupulinta, komwe kumaliritsa anthu ambiri. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, RGB. Pulinta imagwiritsa inki zinayi, CMYK, ndipo pepala silitulutsa kuwala, limangobweza komwe kwaligwera. Nde mitundu ina yowala kwambiri, makamaka olenji, buluu wowala ndi wobiriwira wowala, inki siyingaifikire, imatuluka yozimiririka. Uchi uli pomwepo pa olenji. Ulendo woyamba mayiwo anatumiza okha chithunzi pa WhatsApp kwa opulinta ena mtauni, chinatuluka cha mtundu wa thobwa, zilembo zazing'ono zosawerengeka. Zinthu ziwiri zinachitika, WhatsApp imafinya chithunzi ukachitumiza ngati chithunzi wamba, ndipo mitundu sinakonzedwere inki. Fayilo yopita kopulinta itumizidwe ngati document kapena ipite pa fulashi. Ndimafunsa opulintawo kuti akufuna RGB kapena CMYK chifukwa makina amasiyana, ndimapulintitsa kamodzi kakang'ono koyesera nkukaonera panja pa kuwala kwa dzuwa botolo lenileni lili pambali, kenako ndimakonza. Pa lebulo ndimasiya bleed ya mamilimita 3, kutanthauza kuti mtundu wakumbuyo umapitirira malire kuti podula pasatsale kamzere koyera, ndipo zilembo ndimazisandutsa ma curve, kutanthauza mizere ya vector, kuti kompyuta yopanda mtundu wa zilembo (font) umenewo isazisinthe. Kasitomala amalandira PNG yopanda chakumbuyo, PDF ya opulinta, ndi JPG yaing'ono ya pa foni yosadya bandulo.

Za ndalama, theka lipite patsogolo pa Mpamba kapena Airtel Money ntchito isanayambe, ndipo mugwirizane kuti kusintha kwaulere ndi kangati, ine ndimati kawiri. Mulembe olo pa meseji kuti chithunzichi akachigwiritsa ntchito pati komanso ngati fayilo ya ma layer ikupita nawo kapena ikutsala kwa iwe, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 ndipo bungwe la COSOMA lilipo loona za umwini wa ntchito za luso, koma kugwirizana koyambirira kolembedwa kumakupulumutsa usanafike kumeneko.

Ndisanapereke ndimachitembenuza chithunzi kumanzere kupite kumanja, zopendekeka zimene diso linazolowera zimaonekera pompo. Ndimachichepetsanso mpaka kukula kwa chikhadabo, ngati chikuonekabe kuti ndi botolo la uchi ndiye kuti kuwala ndi mdima zakhala bwino. Kenako ndimachiona pa foni yotchipa panja masana, poti ogula ambiri akachionera pamenepo.

Patapita miyezi ingapo mayi aja anaimba kuti zivindikiro zachikasu zasowa, apeza zakuda ku Limbe, nde chithunzi chitani. Ndinatsegula fayilo, layer ya chivindikiro nkuisintha kukhala yakuda, ndinakweza kunyezimira pang'ono chifukwa pa pulasitiki yakuda kumaonekera kwambiri. Nditayang'ana ndinaona kuti chinachake sichili bwino, paphewa pa botolo panatsala kachikasu kamene chivindikiro chakale chimaponya pagalasi. Ndinawapempha atumize mwana ndi botolo limodzi la chivindikiro chatsopanocho, ndinaliyika pawindo pomwe paja nkuona kuti chakudacho chimaponya kamzere kamdima pakhosi ndi pamwamba pa uchi, ndinapenta kameneko, fayilo inapita madzulo omwewo.